Namwino pa Mpando wa Utsogoleri: Maphunziro Apamwamba ndi Zipatala za ku Kasungu

Maphunziro apamwamba a unamwino ndi aja amene namwino amakachita atatenga kale digiri yoyamba, nthawi zambiri atagwirakonso ntchito m'chipatala kwa zaka zingapo. Ena mwa maphunzirowa amazamitsa luso losamalira wodwala, monga uzamba kapena chisamaliro cha ana. Ena amamukonzekeretsa namwinoyo kuyendetsa ntchito: kutsogolera anzake, kugawa ndalama ndi zipangizo, kumva zimene malipoti akunena, ndi kumanga mfundo zokhudza wodi, chipatala kapena boma lathunthu. M'Malawi muno anamwino anayamba kalekale kutsogolera zipatala, koma sukulu yowaphunzitsa utsogoleriwo pa mlingo wa digiri yachiwiri ndi yachitatu inabwera mochedwa. Boma la Kasungu likuonetsa bwino chifukwa chimene maphunzirowa akufunikira, komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Kasungu ndi boma lalikulu, la chidikha chotambalala, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 840,000. Kumadzulo kuli nkhalango yosungirako nyama ndi malire a dziko la Zambia. Kwina konseko ndi midzi, minda ndi maesiteti a fodya. Chipatala chachikulu cha boma chili pa tauni ya Kasungu, pamene padutsa msewu wa M1. Chimathandizana ndi zipatala za mipingo monga St Andrew's ku Mtunthama ndi cha ku Nkhamenya, chipatala cha Kaluluma kumpoto, ndi zipatala zazing'ono monga za ku Santhe, Chulu, Wimbe, Chamama ndi Simlemba. Wodwala amene matenda ake akanika m'zipatala zonsezi amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. M'zipatala zazing'ono simupezeka dokotala wamkulu. Ntchito imakhala m'manja mwa namwino, mzamba, medical assistant ndi alangizi a zaumoyo, ndipo mayi akabwera usiku matenda atayamba, amene amagamula zoti abereke pomwepo kapena atumizidwe ku boma ndi namwino amene ali pa ntchito usikuwo.

Chaka cha ku Kasungu chimayendera fodya, ndipo chipatala nacho chimatsata momwemo. Nazale zimafesedwa dzuwa likuswa mtengo, cha mu Seputembala ndi Okutobala. Kuwokera kumadza ndi mvula yoyamba, ndipo kuthyola ndi kusoka kumafika pachimake kuyambira Januwale mpaka Malichi. Miyezi yomweyi ndi imene malungo amavuta, chimanga chitatha m'nkhokwe zambiri, ana ochepa magazi ndi onyentchera atachuluka m'wodi, misewu yakumidzi itasanduka matope. Banja limene lili kalikiliki m'chigafa limachedwa kupita ndi mwana kuchipatala, poti tsiku limodzi lojomba ndi fodya wowonongeka. Othyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amatha kumva chizungulire, nseru ndi kusanza chifukwa chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzisokoneza ndi malungo. Palinso ngozi za mankhwala ophera tizilombo. Kwa zaka zambiri maesiteti ankadalira matenanti ochokera m'maboma ena. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma anthu osamukasamuka potsata ganyu ya fodya sanathe, ndipo munthu wotere akakhala pa ma ARV kapena pa mankhwala a chifuwa chachikulu sachedwa kusowa m'kaundula. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba kulowa ku okushoni ya Chinkhoma, ndalama zimayenda, magalimoto ndi njinga za kabaza zimadzaza msewu, ndipo chipatala chimakonzekera ovulala.

Zonsezi zimadziwika chaka chisanayambe. Palibe chifukwa choti chipatala chizindikire mu Febuluwale kuti magazi ndi mankhwala a malungo achepa, kapena kuti anamwino atatu a m'wodi ya ana apita pa tchuthi mwezi umodzi. Kuona patali kotereku ndi ntchito ya utsogoleri, ndipo imasiyana ndi ntchito yobaya jekeseni kapena yobereketsa. Munthu atha kukhala mzamba wodziwa bwino ntchito yake koma n'kulephera kukonza dongosolo la miyezi itatu. Si kuti ndi wosatha ntchito ayi. Sanaphunzitsidwe zimenezo basi.

Utsogoleri wa anamwino uli ndi makwerero. Pansi pali mkulu wa wodi, amene ogwira ntchito amangomuti inchaji. Pamwamba pake pali metironi, woyang'anira mawodi angapo. Kenako pali mkulu wa anamwino ndi azamba m'boma lonse, amene amakhala m'gulu loyendetsa zaumoyo m'boma pamodzi ndi mkulu wa madokotala, mkulu wa zaukhondo, woyang'anira ofesi ndi wowerengera ndalama. Gululi limatsogoleredwa ndi mkulu wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu pa khonsolo, yemwe kawirikawiri amakhala dokotala. Ku likulu la Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill kuli nthambi ya unamwino ndi uzamba yokhala ndi mkulu wake. Kuchokera mu 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono, ntchito zambiri zimene kale zinkagamulidwa ku Lilongwe zinayamba kutsikira ku makhonsolo. Boma lililonse limalemba dongosolo lake la chaka, n'kulitetezera pamaso pa makhansala ndi mafumu. Namwino amene wakhala pa tebulo limeneli ayenera kudziwa chiyankhulo cha bajeti. Akapanda kuchidziwa, zofuna za mawodi zimatsalira kumbuyo, osati poti n'zosafunika, koma poti wozinenera wasowa.

Mbiri ya maphunziro a anamwino ikufotokoza chifukwa chimene luso limeneli linachedwera. Amishoni ndiwo anayamba kuphunzitsa Amalawi ntchito zachipatala, ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Nkhoma ndi kwina. Sukulu ya boma ya National School of Nursing inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limalembetsa anamwino, kuvomereza maphunziro awo ndi kuweruza milandu ya ophwanya mwambo wa ntchito. Mu 1979 kunabadwa Kamuzu College of Nursing ngati nthambi ya University of Malawi. Inayamba ndi madipuloma, kenako madigiri, kuphatikizapo digiri ya anamwino ogwira kale ntchito imene inkapereka mwayi wosankha uphunzitsi, zaumoyo wa m'midzi kapena kayendetsedwe ka ntchito zachipatala. Koma wofuna digiri ya Masters ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku South Africa, ku Britain, ku America kapena ku Australia. Opita anali ochepa, ndipo si onse ankabwerera.

Zinthu zinasintha mu 2008 pamene kolejiyi inayamba kuphunzitsa Masters, kuyambira ndi uzamba. Panatsatira maphunziro a uchembere wabwino, chisamaliro cha ana, uphunzitsi wa anamwino ndi zaumoyo wa m'midzi, ndipo patapita zaka zingapo panakhazikitsidwa PhD ya utsogoleri wa ntchito zaumoyo, yotsegukira anamwino pamodzi ndi akatswiri a nthambi zina. Amene ankatsogolera kolejiyi nthawi imeneyo ndi Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, amene pambuyo pake anakhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno, Malawi University of Science and Technology ku Thyolo. Ku College of Medicine nako kunali Masters ya zaumoyo wa anthu onse, imene anamwino ambiri aichita. Mu 2021 makoleji awiriwa anaphatikizana n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences, yokhala ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kwa namwino wa ku Kasungu, sukulu imene kale inkafuna pasipoti ndi tikiti ya ndege tsopano ili pa mtunda wa minibasi imodzi.

Anamwino ambiri m'dziko muno si a digiri. Ndi aja amaphunzira zaka zitatu m'makoleji a mipingo monga Nkhoma, Ekwendeni, St John's, St Luke's, Holy Family ndi Mulanje Mission, kapena ku Malawi College of Health Sciences. Anamwino a digiri ya zaka zinayi, ochokera ku Kamuzu, ku Mzuzu University ndi kwina, ndi ochepa, choncho amapatsidwa udindo msanga. Mtsikana kapena mnyamata wongotuluka kumene ku yunivesite amapezeka akuyang'anira anamwino a msinkhu wa amayi ake, amene abereketsa ana ambirimbiri iye asanabadwe. Pepala limamupatsa mpando, koma ulemu ayenera kuupeza yekha. Ena amathawira ku ukali, ena amangosiya zinthu ziziyenda mmene anazipezera. Pa zifukwa zonse zophunzitsira utsogoleri, ichi ndiye chimaoneka tsiku ndi tsiku.

Pa maphunziro a utsogoleriwa, phunziro loyamba ndi la kusamala anthu ogwira ntchito, ndipo limaonekera bwino pa ndandanda ya mwezi. Wodi ya amayi siitsekedwa, usana ndi usiku, Lamulungu ndi pa Khrisimasi pomwe. Kumapeto kwa mwezi inchaji amakhala pansi ndi pepala la mizere, mayina kumanzere, masiku pamwamba, pensulo ndi labala m'manja. Mmodzi ali pa tchuthi cha uchembere. Wina wapita kusukulu. Wina waitanidwa ku maphunziro a bungwe ku Mponela, ndipo anzake akung'ung'udza kale kuti opita kumene kuli alawansi ndi omwewomwewo. Wina wagwira usiku motsatizana mpaka maso afiira. Mabokosi otsala opanda dzina ayenera kudzazidwa ndi lokamu, pomwe ndalama ya lokamu ya miyezi yapitayo sinalipidwe. Pepala limeneli likalembedwa mokondera, wodi imagawikana. Likalembedwa mosaganizira kuti odwala amachuluka liti, namwino mmodzi amatsala yekha ndi amayi angapo obereka nthawi imodzi. Maphunziro apamwamba amaphunzitsa kuwerengetsa kuchuluka kwa ogwira ntchito potengera kulemera kwa ntchitoyo, monga mwa njira ya WISN ya bungwe la World Health Organization, kuti mtsogoleri akamapempha anamwino owonjezera azinena ndi manambala osati madandaulo okha. Amaphunzitsanso kuweruza mikangano, kudzudzula munthu popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa odwala ndi magadiyani, kulemba mbiri ya kagwiridwe ka ntchito, ndi kuzindikira wantchito amene watopa mpaka chifundo chamuthera.

Phunziro lachiwiri ndi la ndalama ndi katundu. Chipatala cha boma chimalandira ndalama zoyendetsera ntchito mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama zomwezo ndi zogulira mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, kulipira magetsi ndi madzi, ndi kukonzetsa zowonongeka. Sizikwana, ndipo nthawi zina zimafika mochedwa. M'boma lotambalala ngati Kasungu mafuta ndiwo amadya gawo lalikulu. Ambulansi imene yapita ku Lilongwe ndi wodwala mmodzi singathe nthawi yomweyo kukatenga mayi amene akutaya magazi ku Chulu. Kuyika ambulansi pamalo oti izitumikira zipatala zingapo zoyandikana, kusunga mafuta apadera a amayi oyembekezera, kulimbikitsa amayi akutali kudzadikirira kuchipatala mvula isanatseke misewu: zonsezi ndi ziganizo za ndalama, ngakhale zikuoneka ngati za uzamba. Mankhwala amachokera ku Central Medical Stores Trust, ndipo oda yake imadalira zimene zalembedwa pa makhadi a m'sitolo ya mankhwala. Khadi likanama, oda imanamanso. Palinso mapangano amene boma limachita ndi zipatala za mipingo za pansi pa CHAM, zimene zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, kuti amayi ndi ana azithandizidwa ulere kumene kulibe chipatala cha boma. Mapanganowa amafuna munthu wodziwa kuwerenga mgwirizano, kutsimikiza mabilu ndi kulondola malipiro.

Lachitatu ndi la manambala. Namwino amathera nthawi yambiri akulemba m'makaundula: wa sikelo ya amayi, wa obereka, wa katemera, wa ma ARV. Kumapeto kwa mwezi manambalawa amaphatikizidwa n'kulowetsedwa mu kompyuta kudzera mu DHIS2. Chodandaulitsa n'chakuti m'malo ambiri lipoti limangokwera kumtunda, osabwereranso kwa amene analilemba. Mtsogoleri wophunzira amaliwerenga asanalitumize. Akaona kuti pa chipatala china amayi oyamba sikelo ndi ambiri koma oberekera pomwepo ndi ochepa, amafunsa chifukwa. Mwina ndi mtunda, mwina ndi mlatho, mwina ndi mkamwa mwa wogwira ntchito mmodzi. Akaona kuti ana osamaliza katemera amachuluka m'miyezi yothyola fodya, amasuntha sikelo yoyendayenda kuti ifike kufupi ndi zigafa, kapena kusintha ola lake. Kafukufuku amene wophunzira wa Masters aliyense amachita asanamalize cholinga chake n'chomwechi: kuzolowera kufunsa funso lomveka, kusonkhanitsa umboni, ndi kusakhulupirira chinthu chifukwa chongoti anthu akhala akutero kuyambira kale.

Pa nkhani ya imfa za amayi m'pamene maluso onsewa amakumana. Kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti mu 2004 amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 chiwerengerochi chinali 675, ndipo mu 2015 ndi 2016 chinatsika kufika pa 439. Pofika nthawi imeneyo amayi 9 mwa 10 alionse ankaberekera kuchipatala, kutsatira chiletso cha 2007 choti azamba a m'midzi asamabereketse, ndi malamulo amene mafumu ambiri anakhazikitsa. Tanthauzo lake n'lakuti vuto linasamuka. Kale funso linali loti mayi afike bwanji kuchipatala. Lero funso lalikulu n'loti akafika apezako chiyani.

Mayi akamwalira, ndondomeko imafuna kuti imfayo inenedwe msanga ndi kuunikidwa. Gulu limakhala pansi ndi fayilo yake, kabuku kake ka sikelo ndi pepala limene mzamba amalembapo mmene matenda akuyendera. Amatsata ola ndi ola. Anafika nthawi yanji? Anamuyeza liti kuthamanga kwa magazi? Ambulansi inaitanidwa nthawi yanji, ndipo inanyamuka nthawi yanji? Magazi analipo? Ku fiyeta kunali magetsi? Njira yodziwika bwino, imene Thaddeus ndi Maine anaifotokoza mu 1994, imagawa kuchedwa patatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo choyenera atafika kale. Msonkhano wotere ndi wovuta kuutsogolera. Ukasanduka bwalo la milandu, mwezi wotsatira mafayilo amayamba kulembedwa mokometsera ndipo choonadi chimabisika. Ukasanduka wongopepesana, palibe chimasintha. Wotsogolera ayenera kuchotsa mantha koma osachotsa udindo, ndipo msonkhano uzitha ndi ntchito yoti ichitike, dzina la woichita ndi tsiku loimalizira. Luso limeneli sabadwa nalo munthu. Limaphunzitsidwa, ndipo limakula pochita.

Maphunzirowa amakhudzanso malamulo: ufulu wa wodwala, chinsinsi chake, chilolezo asanachitidwe opaleshoni, ndi kayankhidwe ka madandaulo amene amafika kwa ombudsman wa pachipatala kapena ku komiti ya anthu a m'dera. Amakhudza njira zokwezera ubwino wa ntchito monga 5S ndi Kaizen, zimene zinabwera ndi thandizo la dziko la Japan. Amakhudzanso kukonzekera miliri. Covid-19 inafika m'dziko muno mu Epulo 2020, ndipo kolera imene inabuka mu Malichi 2022 inafalikira m'maboma onse, n'kugwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa nthawi ngati imeneyo mtsogoleri wa anamwino ayenera kukhazikitsa msasa, kuchotsa antchito m'mawodi ena popanda kugwetsa mawodiwo, ndi kuonetsetsa kuti osamalira odwala nawo atetezedwa.

Zoti namwino ndi woyendetsa ntchito si zachilendo pa dziko lapansi. Florence Nightingale amakumbukiridwa ndi nyali, koma ntchito yake yaikulu pa chipatala cha asilikali ku Scutari kuyambira mu 1854 inali ya ukhondo, chakudya, katundu ndi kaundula wa imfa, ndipo anagwiritsa ntchito manambala pokakamiza boma la Britain kusintha zinthu. Lipoti la World Health Organization la 2020 linapeza kuti pa dziko lonse panali anamwino pafupifupi 28 miliyoni, oposa theka la akatswiri onse a zaumoyo, kuti 9 mwa 10 alionse ndi amayi, ndiponso kuti panali kuperewera kwa anamwino 5.9 miliyoni. Limodzi mwa malangizo ake akuluakulu linali loti mayiko aike ndalama pa utsogoleri wa anamwino. Kuno kwathu zitsanzo zilipo kale. Dorothy Ngoma anatsogolera bungwe la anamwino ndi azamba la NONM, ndipo pambuyo pake anayendetsa ntchito ya uchembere wabwino mu ulamuliro wa Joyce Banda. Juliana Lunguzi, namwino ndi mzamba, anakhala phungu wa Dedza East n'kutsogolera komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo.

Komabe digiri payokha siichiritsa chipatala, ndipo zopinga zake n'zodziwika. Choyamba ndi fizi. Malipiro a namwino wa m'boma sangakwanitse Masters popanda thandizo, ndipo thandizo lambiri limachokera kwa mabungwe akunja, amene amasankha maphunziro ogwirizana ndi zolinga zawo. Chachiwiri ndi mpata umene wophunzira amasiya. Namwino wa digiri akachoka pa chipatala chakumudzi kwa zaka ziwiri, nthawi zambiri sipabwera wolowa m'malo, choncho akuluakulu amazengereza kupereka chilolezo. Amayi, amene ndiwo ambiri pa ntchitoyi, amasenzanso za ana ndi za pakhomo, ndipo ena amadikira mpaka ana atakula.

Chopinga chachikulu chimadza maphunziro atatha. Womaliza Masters amabwerera pa giredi yomwe anaisiya, malipiro omwewo, nthawi zina pansi pa munthu amene sakufuna kumva maganizo atsopano. Mipando yogwirizana ndi maphunziro ake ndi yochepa m'maboma. Pasanapite nthawi makoleji a unamwino, mabungwe omwe si aboma ndi mapulojekiti a ku Lilongwe amamukopa, ndipo palibe angamudzudzule. Dziko silinataye munthuyo, koma Kasungu wataya. Malawi analawapo kale zowawa za kuchoka kwa anamwino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene ambiri ankapita ku Britain. Boma ndi abwenzi ake anayankha ndi ndondomeko yapadera imene kuyambira mu 2005 inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo ndi kukulitsa makoleji. Chiwerengero cha ogwira ntchito chinakweradi. Koma kafukufuku wa pambuyo pake wakhala akuonetsa kuti si ndalama zokha zimene zimasunga namwino pa ntchito. Nyumba, mwayi wopitiriza sukulu, chilungamo pokweza anthu, ndi khalidwe la bwana wake zimalemeranso. Apa utsogoleri ukuoneka mbali ziwiri: mtsogoleri wabwino ndi amene amasunga anamwino ena, ndipo iye mwini amafunika kusungidwa.

Palinso nkhani ya mphamvu. Mkulu wa anamwino m'boma amayankha mlandu wodi ikalakwa, koma kulemba anthu ntchito, kuwakweza ndi kutulutsa ndalama sizili m'manja mwake yekha. M'zipatala zambiri mukadali maganizo akale akuti dokotala ndiye amaganiza, namwino amangochita. Maganizowa ndi otha ntchito. Dziko lino linakwanitsa kufalitsa ma ARV aulere kuyambira mu 2004, ndipo mu 2011 linakhala loyamba pa dziko lapansi kuyika amayi onse oyembekezera amene ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, chifukwa linalola anamwino ndi ma clinical officer kuyambitsa odwala mankhwala popanda kudikira dokotala. Amene anakhulupiriridwa pa ntchito yaikulu chotero sangakanizidwe mpando wa utsogoleri pa chifukwa cha yunifolomu yokha. N'chifukwa chake maphunziro ophatikiza anamwino, madokotala, a zamankhwala ndi a zaukhondo m'kalasi imodzi ali ndi phindu: anthu amene anaphunzira limodzi savutika kumverana pa tebulo la bajeti.

Njira zochepetsera mavutowa zikudziwika. Maphunziro ophunzitsidwa m'zigawo, oti munthu akhale kusukulu masabata ochepa n'kubwerera ku ntchito, amathandiza kuti chipatala chisatsale chopanda mtsogoleri, ndipo intaneti ikufupikitsa mtunda ngakhale netiweki imavuta m'madera ena. Kafukufuku wa ophunzira atha kulunjika pa mafunso a m'boma lawo lomwe, monga matenda a ogwira ntchito m'minda ya fodya, kulondola odwala osamukasamuka, kapena nthawi imene ambulansi imatenga kuchoka ku chipatala chaching'ono kufika pa boma, ndipo zotsatira zake zizikambidwa ku khonsolo m'malo mongosungidwa m'laibulale. Si inchaji aliyense adzafike pa Masters, choncho amene afikapo ali ndi udindo wophunzitsa anzawo pa ntchito pomwepo, ndipo maphunziro afupiafupi otere atha kuwerengedwa pa mapointi amene Nurses and Midwives Council imafuna namwino asanakonzenso chiphaso chake.

Zotsalazo zili m'manja mwa olemba ntchito. Unduna wa Zaumoyo ndiwo ungakhazikitse magiredi ozindikira digiri ya Masters m'zipatala za m'maboma, osati ku likulu ndi ku zipatala zazikulu zokha. Khonsolo ya Kasungu, pamodzi ndi eni zipatala za mipingo, ingathe kulemba dongosolo loonekera kwa onse lonena kuti ndani apite kusukulu chaka chiti, ndani agwirizire malo ake, ndipo akabwerako adzakhala pa mpando uti kwa zaka zingati. Dongosolo lotere silifuna ndalama zambiri, ndipo liyenera kulowa m'mapulani a boma a chaka chikubwerachi.